Msipu sulowa m'kaundula

Mu Okutobala 2024, teremu yoyamba itangoyenda mwezi umodzi, mpando wina m'kalasi langa la Fomu 4 unakhala wopanda munthu kwa milungu iwiri. Ndimaphunzitsa zaulimi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kumadzulo kwa Ngabu m'boma la Chikwawa, ndipo kujomba kwa ana si nkhani yachilendo kwathu kuno. Koma mnyamata ameneyu sanali wojomba. Ndiye ankayamba kufika m'mamawa kudzatsegula mawindo, ndipo pa mayeso otsiriza a Fomu 3 anaposa anzake onse pa phunziro langa. Nditafunsa mlongo wake wa Fomu 1, anayankha akuyang'ana pansi: "Achimwene anapita kudambo ndi ng'ombe. Kuno udzu watha."

Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinapempha ahedi masiku awiri, ndinanyamula makope a anzake oti akakopere zomwe zinamudutsa, n'kuuyamba ulendo wokamuona.

Ine kwathu ndi kumapiri a ku Thyolo, komwe munthu akakhala ndi ng'ombe imodzi ya mkaka amaimangira khola la simenti n'kumaimwetera udzu m'mawa ndi madzulo. Tsiku lomwe ndinatsika koyamba kudzayamba ntchito kuchigwa kuno, minibasi ikukhotakhota pamsewu wa m'phiri wotsikira pa Thabwa, ndinaona Shire ali nyezinyezi pansi, ndipo kutsidya kwake dziko lafulati losaoneka polekezera. Titawoloka mlatho wa Kamuzu, tisanafike n'komwe pa Dyeratu, galimoto inaima kudikira ng'ombe kuti zidutse. Dalaivala sanalize hutala. Anangoti, "Kuno eni msewu ndi amenewa." Ndakhala zaka zingapo tsopano pakati pa Amang'anja ndi Asena, koma zomwe mawuwo amatanthauza ndinazimvetsa bwino pa ulendo uwu.

Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza dzuwa lisanatuluke, chifukwa m'chigwa muno Okutobala safuna munthu woyenda masana. Dothi la dera la Ngabu ndi lakuda, eni ake amalitcha makande. Mvula ikagwa limamata mpaka kuvula munthu nsapato, dzuwa likaswa limang'ambika ming'alu yolowa dzanja lonse. M'zaka zabwino mwezi umenewu umapeza m'minda mukadali mapesi a mapira ndi mchewere, ng'ombe zikudya pang'onopang'ono kudikira mvula yoyamba. Chaka chimenecho munali mbee. Mapira ambiri anapserera asanafike m'chiuno, ndipo timapesi tomwe tinalipo tinatha mu Julayi. Mbuzi zinkaimirira ndi miyendo iwiri kufuna masamba a m'mwamba. Pansi pa mitengo ya msangu ana ankatola zipatso zake zouma zopindikapindika zija n'kumaika m'matumba. Msangu ndi mtengo wa khalidwe lakelake, umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphuka m'chilimwe, ndipo zipatso zake ndi chakudya chabwino cha ziweto. Kale ng'ombe zinkadzitolera zokha. Chaka chimenecho anthu ankazilimbirana.

Timitsinje tonse tomwe tinawoloka tinali mchenga wokhawokha. Pena amayi anali atakumba dzenje pakati pa mtsinje, akutunga ndi kapu. Pamjigo wina tinapeza mkangano: anyamata akufuna kupopera ng'ombe madzi m'mabeseni, amayi ali pamzere ndi zidebe kuyambira usiku. Wa kabaza sanachepetse liwiro. Anati zimenezo n'za tsiku ndi tsiku.

Pa Ngabu ndinaima kuti ndimwe tiyi ndi kufunsa njira. Ngabu ndi likulu la zaulimi la chigwa chonse cha Shire, ndipo ndi amodzi mwa malo odziwika pa malonda a ng'ombe. Nyama yambiri yomwe anthu a ku Blantyre amagula m'mabutchala imachokera m'maboma awiri a Chikwawa ndi Nsanje. Pafupi ndi pogulitsira ng'ombe ndinapeza zambiri zitaima pamthunzi, mitu ili pansi. Nthiti zinkawerengeka munthu uli patali. Linunda, lomwe pa ng'ombe yokhuta limakhala chilili, linali litagwera mbali ngati thumba lopanda kanthu. Ogula sankafulumira. Ankazungulira ng'ombe, kuikanikiza pamsana ndi chala, n'kutchula mtengo akuyang'ana kwina. Ena amagula zowondazo dala kuti akazinenepetse m'makola odyetsera, adzazigulitse bwino pakatha miyezi itatu.

Mkulu wina yemwe ndinakhala naye pabenchi anandiuza kuti mtengo womwe anamutchulira sunafike theka la womwe ng'ombe yomweyo ikanamupatsa mu Meyi. Ndinamufunsa chifukwa chomwe sanagulitsire mu Meyi momwemo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Mu Meyi munthu umakhala ndi chiyembekezo, bambo. Umati mwina zipirira." Anagulitsa tsiku lomwelo, chifukwa kunyumba kunalibe ufa, ndipo chimanga pamsika chinkakwera pamene ng'ombe zinkatsika.

Inu awerengi a kumtunda mudziwe kuti kuno ng'ombe ndiyo banki. Fizi ya mwana, ndalama ya chipatala, maliro, malata a nyumba, kwa Asena ngakhale malowolo, zonse zimatuluka m'khola. Ngolo yonyamula thonje, madzi ndi odwala imakokedwa ndi ng'ombe. Koma banki imeneyi imadya tsiku lililonse, ndipo nthawi zina imatsekedwa mwini wake asanakonzeke. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, monga amachitira kawirikawiri m'chigwa muno, boma limaletsa kuyendetsa ndi kugulitsa ziweto kuti matendawo asafalikire. Lamulolo ndi loyenera, koma likakumana ndi chilala mlimi amangoyang'ana chuma chake chikuwonda m'khola.

Kuchokera pa Ngabu ndinakwera njinga ina, kusiya msewu wa tala wa M1 n'kulowera kum'mawa. Pang'onopang'ono mitengo ya mlambe inayamba kuchepa, migwalangwa n'kumachuluka, mpweya n'kumamveka chinyezi. Kenaka mwadzidzidzi maso anakumana ndi chinthu chomwe anali ataiwala: kubiriwira. Ili ndi dambo lalikulu lomwe pamapu limalembedwa kuti Elephant Marsh. Dzinali analipereka ndi David Livingstone mu 1859 ataona njovu mazanamazana pamalopo. Lero njovu kulibe. Kuli mabango, gumbwa, mvuu, ng'ona, mbalame zosawerengeka ndi asodzi a m'mabwato. Mu 2017 dambo limeneli linalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa mgwirizano wa Ramsar. Shire akafika pano amamwazikana m'timifuleni tambirimbiri asanakakumane ndi Ruo ku Chiromo.

Chodabwitsa n'choti m'chaka cha chilala chomwecho madzi m'dambomo anali ambiri. Mukumbukira kuti mu 2024 nyanja ya Malawi inadzadza mpaka kulowa m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Mvula yomwe inagwa kumpoto inatsika ndi Shire kudzafika kuno, komwe kumwamba kunali kouma. Choncho malo ena omwe ng'ombe zimadya madzi akaphwa anali akadali omira, ndipo kamtunda kobiriwira komwe kanatsala pakati pa madzi ndi minda kanali kodzadza ndi ng'ombe za m'midzi yambiri.

Ndinafunsa m'misasa itatu ndisanawapeze. Msasa wawo unali wa mabango ndi pepala lakuda la pulasitiki, pambali pake khola la minga. Mnyamata uja anandiona ndikadali patali. Anavula chipewa, n'kuima osadziwa kuti athawe kapena abwere. Anali atada, milomo itasweka, atavala malaya a yunifomu omwe kolala yake inali itang'ambika. "Aphunzitsi, mwafika kuno?" Bambo ake anatuluka mumsasa, munthu wamtali wa imvi, anandilandira ndi manja awiri n'kundipatsa chigubu chopanda madzi kuti ndikhalire. Anatuma mwanayo kukagula nsomba kwa asodzi. Ndinakana, koma anati mlendo wochokera kutali chonchi sabwerera ndi njala, ngakhale chaka chitaipa bwanji.

Nkhani yawo anaiyambira pa namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023, pamene dziko lonse linkalira anthu oposa 1,000 omwe anamwalira kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, kamtsinje ka kwawo kochokera kumapiri a kumalire ndi Mozambique kanasefukira usiku. Anali ndi ng'ombe 24. Madzi anatenga zisanu ndi imodzi. Koma iwo anati chomwe chinawapweteka kwambiri anachiona madzi ataphwa. Dambo laling'ono la m'mudzi mwawo, lomwe ng'ombe zinkadyamo kuyambira nthawi ya agogo awo, linali litakwiririka ndi mchenga, pena wofika m'mawondo. Udzu wabwino uja sunamerenso. Panamera zitsamba zaminga zomwe ngakhale mbuzi imazilambalala.

Asanapume, kunabwera ng'amba ya El Niño. Pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilalacho. Bambowa anagulitsa ng'ombe zinayi chaka chimenecho, zitatu kugulira chimanga, imodzi kulipirira ana awiri sukulu. Ana a ng'ombe awiri omwe anabadwa pakatipo sanakhalitse, amayi awo analibe mkaka. Ina yaikazi inatitimira m'matope sabata yoyamba atafika kudambo, inalibe mphamvu zodzizula, ndipo anaiphera pomwepo. Madzulo amenewo ndinawerenga ndekha zomwe zinalowa m'khola la minga. Zinali 13.

Ndinawafunsa ngati analandirapo thandizo lililonse. Sanadandaule monga ndinkayembekezera. Anati madzi a Freddy ataphwa kunabwera anthu ndi mapepala, analemba nyumba zogwa, minda yokokoloka ndi ziweto zakufa. Iwo analembetsa zisanu ndi imodzi zija. Analandira ufa, nyemba ndi pepala lofolera, ndipo anathokoza. Pa chilala, mayina a olandira chimanga akulembedwa m'mudzi, anzawo anawauza kuti, "Inu muli ndi ng'ombe," ndipo anawadumpha. Ndalama za Mtukula Pakhomo nazo n'za mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito, iwo sakuyenera kulowamo.

"Sindikuwada, aphunzitsi. Kuli amayi amasiye omwe alibe ngakhale nkhuku. Ine nditaimirira pamzere umodzi ndi iwowo, anthu angandiseke, ndipo angakhoze kundiseka. Koma tandiuzani inu ophunzira. Ng'ombe ikafa amalemba. Chimanga chikapsa amalemba. Nanga udzu ukatha, pepala lake lili kuti? Chonsecho ng'ombe ndi udzu womwewo, wangomera miyendo."

Ndinalibe yankho. Mwana wawo atabwera ndi nsomba, ndinamuuza kuti tiwerengere limodzi, monga timachitira m'kalasi. Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba padothi. Ng'ombe yachikuda yolemera makilogalamu 250 imafuna udzu wouma wosachepera makilogalamu 6 pa tsiku. Zikakhala 13, tikaziyesa zonse zazikulu, ndi makilogalamu 78. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yodalirika mu Disembala ndi masiku pafupifupi 120. Anachulukitsa, n'kukweza mutu: "Matani oposa 9, aphunzitsi." Bambo ake anaseka mopanda chimwemwe. Chakudya chonsecho m'zaka zabwino chimamera chokha, mlimi osatulutsa tambala, n'chifukwa chake palibe amachiwerengera ngati chuma. Chimaoneka mtengo wake tsiku lomwe chasowa.

Ndipo kutayako sikuthera pa kuwonda. Ng'ombe yaikazi ikawonda kwambiri sifuna nkhunzi. Ikapanda kutenga bere chaka chino, ndiye kuti pakatha miyezi 9 kulibe mwana, kulibe mkaka, ndipo zaka zitatu kutsogoloko kulibe yogulitsa. Ng'ombe zokoka ngolo zikafooka, munda umachedwa. Kudambo nakonso kuli msonkho wake: nyongolotsi za m'chiwindi zomwe zimakonda malo a chinyontho, nkhupakupa zochokera ku ng'ombe za eni ake, ndi ng'ona yodikira pomwera madzi. Zonsezi m'kaundula wa ngozi sizilowa, chifukwa ng'ombeyo ikadali chiimire.

Tikudya, kunafika mayi wina ndi khasu paphewa, nkhope ili gwaa. Sanakhale pansi. Anati ng'ombe zinalowa m'dimba mwake dzulo lake n'kudya chimanga chomwe chinali chitayamba kumasula. Bambo aja anati si zawo, mayiyo anati mapazi analowera kuno. Anagwirizana zokakumana kwa amfumu m'mawa mwake. Atachoka ndinayang'ana komwe analowera: timinda ta chimanga, mbatata ndi nyemba tondandana m'mphepete mwa madzi, tina totchingidwa ndi minga, tina ndi nsanza zomangirira pa timitengo. Mayi ameneyo munda wake wa kumtunda unapsa ngati wa wina aliyense. Dimbalo ndilo linali nkhokwe yake yotsiriza. Anzake ena anali m'madzi mpaka m'chifuwa kuzula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi tomwe anthu a kuno amadya njala ikafika povuta, ng'ona zili momwemo. Msipu ukatha kumtunda, njala ya ng'ombe imatsikira kudambo kudzakumana ndi njala ya anthu, ndipo milandu imadzadza pabwalo la amfumu.

Usiku tinagona panja, utsi wa ndowe zouma ukuthamangitsa udzudzu. Moto wa misasa ina unkaoneka ndondondo m'mphepete mwa dambo. Mvuu zinkalira chapafupi. Amuna ankalonda mosinthana chifukwa cha akuba. Tulo titasowa, ndinawafotokozera bambo aja zomwe ndinawerengapo za mayiko ena.

Ku Kenya, mu 2015, boma linayambitsa inshuwalansi ya ziweto ya abusa a kumpoto kouma, kuyambira m'madera a Turkana ndi Wajir. Makina a m'mlengalenga ankajambula kubiriwira kwa msipu. Kubiriwirako kukatsika kupyola mlingo woikika, ndalama zinkatumizidwa kwa abusa olembetsedwa, ambiri kudzera pafoni, popanda munthu kubwera kudzawerenga mitembo ya ziweto. Cholinga chinali choti mbusa agule chakudya, madzi ndi mankhwala ziweto zikadali moyo. Boma linkalipirira banja lililonse losankhidwa ziweto zofanana ndi ng'ombe zisanu basi. Ku America nakonso kuli ndondomeko yotchedwa Livestock Forage Disaster Program. Kumeneko amatulutsa mapu a chilala sabata iliyonse, ndipo dera likalowa m'gulu la chilala choopsa pa nyengo yodyetsa ziweto, boma limalipira mlimi gawo la ndalama zomwe angagulire chakudya cha ziweto zake, kwa mwezi umodzi mpaka isanu malinga ndi kukula kwa chilalacho. M'mayiko awiri onsewa chomwe amalipira ndi udzu womwe watayika, osati ng'ombe yomwe yafa.

Nzeru yotereyi si yachilendo kwenikweni kwathu kuno. Dziko la Malawi limagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, lomwe limayeza mvula ndi makina a m'mlengalenga omwewo, ndipo mu 2024 linalandira madola oposa 11 miliyoni chifukwa cha ng'amba ija. Kungoti muyeso wake umayang'ana kumunda. Boma linazindikiranso kale kuti chigwa chino chimadalira ziweto, pajatu pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP inaperekapo mbuzi ku Chikwawa ndi Nsanje m'malo mwa feteleza. Koma mbuzi nayo imadya.

Bambo aja anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anasonkhezera moto n'kunena kuti: "Makina anuwo udzu auona. Koma kodi angaone kuti ng'ombe iyi ndi ya yani?"

Funso limeneli ndakhala nalo mpaka lero, ndipo aliyense wofuna kuti boma lizilipira alimi pa msipu wotayika ayenera kuliyankha. Mlimi wa ku America ali ndi malo ake odziwika malire, ndi mapepala a ziweto zake. Kuno dambo ndi la mudzi wonse, loyang'aniridwa ndi mafumu. Munthu satchula chiwerengero chenicheni cha ng'ombe zake, amaopa akuba, nsanje ndi abale opempha. Ng'ombe zambiri n'zoikiza: mwini wake ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe, woweta ndi wachibale wosauka yemwe malipiro ake ndi mkaka ndi ndowe. Mwa 13 zomwe ndinawerenga zija, bambowa anaulula usiku womwewo kuti zitatu n'za mlamu wawo wa m'tauni. Tsiku lomwe kudzamveke kuti boma likulipira pa ng'ombe iliyonse, makola adzabereka usiku umodzi, ndipo ndalama zambiri zidzapita kwa omwe ali ndi ng'ombe mazana, omwe angathe kudzigulira okha chakudya cha ziweto.

Palinso china chomwe alimi a ziweto sakonda kumva. Msipu wa m'chigwa muno sukutha chifukwa cha chilala chokha. Anthu tachuluka, midzi yakula, malo omwe kale anali odyetsera lero ndi minda ya thonje, chitowe ndi nzimbe. Nkhalango za Lengwe, Majete ndi Mwabvi n'zotetezedwa, ng'ombe siziloledwa. Moto wa osaka mbewa umatentha udzu wotsala chaka ndi chaka. Ndalama zoperekedwa mosaganiza bwino zingathe kungolimbikitsa anthu kusunga ng'ombe zambiri pa malo omwe sangazikwanitse.

Komabe sindikuona kuti mavuto amenewa ndi chifukwa chokhalira chete. Ndikupempha zinthu zochepa, monga munthu wogwira choko yemwe anagona usiku umodzi kudambo. Choyamba, pa mapepala owerengera zowonongeka pakagwa ngozi pakhale mzere wa msipu: madambo angati akwiririka, udzu utha mwezi uti, ziweto zili ndi thupi lotani. Alangizi a ziweto ndi mafumu zimenezi amazidziwa kale, chosowa ndi powalembera. Chachiwiri, thandizo likadzakhalapo likhale ndi malire monga anachitira ku Kenya, ng'ombe zochepa pa banja, kuti wa ng'ombe zisanu ndi wa ng'ombe 200 alandire mofanana. Chachitatu, lifike mu Ogasiti kapena Seputembala, ziweto zisanagwe, ndipo silikuyenera kukhala ndalama nthawi zonse. Mankhwala a dibi ndi a nyongolotsi, madeya, nsonga za nzimbe, ndi zomwera ziweto zomangidwa padera ndi mijigo ya anthu zingapulumutse ng'ombe zambiri kuposa envulopu yobwera mu Januwale. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yomwe ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira ikadzayamba kugwira ntchito, okonza mapulani asadzaiwale kusiya timinda ta udzu wa ziweto.

Eni ng'ombe nawo ali ndi mbali yawo. Avomere kulembetsa ziweto zawo moona. Aphunzire kugulitsa zina mu Meyi zikadali zonenepa, ndalamazo n'kugulira chakudya cha zotsalazo. Akhale pansi ndi eni madimba ndi mafumu chilimwe chisanafike, agwirizane njira zopitira kumadzi.

Nanenso ndili ndi mlandu. Chaka chilichonse ndimaphunzitsa kasungidwe ka udzu: kuumweta usanachite maluwa cha mu Febuluwale kapena Malichi, kuuwumitsa osaupsereza ndi dzuwa, kuusanja pathandala lofoleredwa pamodzi ndi mapesi ndi masamba a mtedza. Mnyamata uja funso limeneli analikhoza lonse pa mayeso. Koma kwawo sanamwetepo ngakhale mtolo umodzi, ndipo ine sindinamufunsepo. Ndinkaphunzitsa kuti ana akhoze mayeso a MANEB, osati kuti ng'ombe za kwawo zione Disembala. Bambo ake nditawauza zimenezi anati, "Udzu womweta ndi wofolera nyumba, aphunzitsi. Womwetera ng'ombe tinkati n'za azungu a ku Thyolo kwanuko." Tinaseka tonse, koma anafunsa kuti thandalalo limatalika bwanji.

M'mawa, asanapite kwa amfumu, ndinanena chomwe ndinabwerera. Ndinawauza kuti mayeso a Fomu 4 sadikira mvula, ndipo mwana wawo ali ndi mutu woti n'kudzakhala mlangizi wa ziweto kapena dokotala wa zinyama. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana khola. Anati ana awo ena aamuna ali ku Joni, ndipo munthu mmodzi sangathe kulonda usiku n'kuwetanso masana pakati pa madimba a eni. Sanalonjeze kanthu. Anangoti, "Ndamva, pitani bwino." Mnyamatayo anandiperekeza mpaka pomwe njinga zimaima, makope aja atawakulunga m'pepala la pulasitiki. Panjira sanalankhule zambiri. Anangofunsa ngati anzake afika kale pa mutu wa matenda a ziweto.

Patatha masiku khumi ndinamupeza m'kalasi, atatsegula kale mawindo. Anandiuza kuti mlandu wa dimba uja bambo ake anaulipira, ngakhale mpaka lero amati ng'ombezo sizinali zawo. Anagulitsanso msoti umodzi, womwe ankauyembekezera kuti udzabereke, pamtengo wa mu Okutobala uja. Ndalama zina analipirira mayeso, zina analembera mbusa waganyu. Mu Malichi chaka chotsatira, kalasi lonse linamweta udzu kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo tinamanga thandala loyamba pasukulu pathu. Makolo ena ankaima pamsewu kutiyang'ana, awiri anabwera kudzafunsa.

Ndinamufunsa mnyamatayo kuti mbusa waganyuyo ndi ndani. Anati ndi kamnyamata ka m'mudzi wa pafupi ndi dambo, ka zaka 11, komwe makolo ake analibe chakudya. Kanali mu Sitandade 4. Dzina la wophunzira wanga linabwerera m'kaundula, koma kusukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Shire, mphunzitsi mnzanga yemwe sindimudziwa anayamba kuitana dzina lopanda woyankha.